Kasitomala alowe mphindi zingati pa sunbed? Malangizo kwa ongoyamba ntchito ya mu saluni

Mwezi uno wokha andiimbira foni anthu atatu, onse akwathu, onse angoyamba kumene ntchito ya pakauntala mu saluni kuno ku Britain. Funso lawo ndi limodzi: "Achemwali, munthu akabwera kufuna sunbed, ndimupatse mphindi zingati?" Abwana awo anangowalozera makina olipiritsira ndi taima, basi n'kuwasiya. Ine ntchitoyi ndaigwira zaka zingapo kumpoto kwa England, ndipo m'malo moyankha mmodzimmodzi usiku nditaweruka, ndalemba pano kamodzi kuti wofunsa ndizingomutumizira.

Kwa inu amene simunalionepo, sunbed ndi bedi lokhala ndi chivindikiro. Pansi ndi pamwamba pali machubu aataliatali otulutsa kuwala kwa UV, komwe kuja kumapezeka m'dzuwa. Munthu amagona pakati n'kudzitsekera, kuti khungu lideko pang'ono, libiriwire.

Ndiyambe ndi mawu amene mabwana ambiri sangakuuzeni. Mu 2009 bungwe la IARC, nthambi ya WHO yofufuza za khansa, linaika mabedi amenewa m'gulu loyamba la zinthu zoyambitsa khansa, gulu lomwe mulinso fodya. Dziko la Brazil linawaletsa chaka chomwecho, ndipo Australia inayamba kutseka bizinesi imeneyi mu 2015. Ndiye palibe nambala ya mphindi imene mungauze munthu kuti "apa palibe vuto lililonse". Chimene chili m'manja mwanu ndi ichi: wosayenera kulowa asalowe, ndipo munthu wamkulu amene wasankha yekha kulowa asapse.

1. Dziwani mphamvu ya bedi lanulo

Masaluni ambiri amakhala ndi bedi lotsika mtengo loti anthu aziyambirapo. Ku America amalitcha Level 1. Nthawi zambiri limakhala ndi machubu a 100 W, pakati pa 24 ndi 32, ndipo kumeneko taima yake imafika mphindi 15 kapena 20. Apa ndi pamene ambiri amalakwira poyamba penipeni: amaganiza kuti poti bedilo ndi lotchipa, ndiye kuti ndi lofooka. Ayi. Kuwala kwa UV kuli mitundu iwiri imene imatikhudza pano, UVA ndi UVB. UVA amadetsa khungu msanga, pomwe UVB ndi amene amawotcha kwambiri. Machubu wamba a bedi loyambirali amatulutsa gawo la UVB lokulirapo poyerekeza ndi nyale za mabedi odula aja otchedwa high-pressure. Bedi lotchipalo ndiye lingathe kupsereza munthu mosavuta.

Musatenge tebulo la mphindi pa intaneti n'kulimata pakhoma. Ambiri mwa matebulo amenewo ndi a ku America, a mabedi ena, a machubu ena. Kuno ku Britain ndi ku Ulaya muyeso wake ndi wakuti kuwala kwa bedi kusapitirire 0.3 W/m² (ma watt 0.3 pa sikweya mita iliyonse), yomwe ndi mphamvu yofanana ndi 12 pa UV index, muyeso wa ukali wa dzuwa. Limenelo ndi dzuwa la masana a mu Okutobala kumudzi kuja, lija lothamangitsa ndi nkhuku zomwe kukabisala pansi pa nkhokwe. Munthu wa khungu loyera amene simungamugoneke wosavala pabwalo ku Nsanje nthawi ya 12 koloko, dziwani kuti m'bedimo akukumana ndi zomwezo.

Komanso si bedi lililonse limene limasunga muyesowu. Akatswiri a ku University of Dundee anayeza mabedi 402 ku England, ndipo zotsatira zawo za mu 2013 zinaonetsa kuti mabedi 9 mwa 10 aliwonse ankapitirira. Choncho pemphani abwana akuonetseni zinthu ziwiri: buku la wopanga bedilo, momwe muli ndandanda ya mphindi, ndi pepala la injiniya losonyeza kuti anayeza liti ndipo anapeza zingati. Akakuuzani kuti mapepalawo palibe, musagulitse mphindi mongoganizira. Auzeni ayitane injiniya abwere ndi mita yoyezera kuwala.

2. Patulani amene sayenera kulowa n'komwe

Izi zichitike musanakambe za mphindi. Aliyense wobwera koyamba alembe fomu, ndipo inu muiwerenge ali pomwepo, osati kungoiponya m'diloo.

Wosakwana zaka 18 salowa. Ku England ndi Wales lamulo lake ndi Sunbeds (Regulation) Act 2010, limene linayamba kugwira ntchito mu Epulo 2011, ndipo chindapusa chake panthawiyo chinkafika £20,000. Scotland ndi Northern Ireland ali ndi malamulo awoawo oletsa zomwezi. Atsikana a kuno akadzola, wa zaka 16 amaoneka wa zaka 22. Funsani pasipoti kapena laisensi. Ngakhale abwere ndi mayi ake omuvomereza, yankho ndi ayi.

Asalowenso amene anadwalapo khansa ya pakhungu kapena amene m'banja mwawo muli wodwalapo, amene ali ndi timadontho tambirimbiri takuda pathupi, amene wapsa kumene ndi dzuwa, amene anamuika chiwalo cha munthu wina ndipo akumwa mankhwala ochepetsa chitetezo cha m'thupi. Mayi woyembekezera ine ndimamubweza. Ndipo inu akwathu simufunika kuuzidwa zimene dzuwa limachita pakhungu la abale athu achialubino. Tinaona zilonda zija pamilomo ndi m'makutu. Munthu wotere asayandikire n'komwe bedili.

Funsaninso za mankhwala, chifukwa ena amachititsa khungu kupsa msanga koposa. Odziwika ndi doxycycline, isotretinoin wa ziphuphu, amiodarone wa mtima, mapiritsi ena okodzetsa a BP, ndi mankhwala azitsamba otchedwa St John's wort. Doxycycline mumukumbukire bwino. Ndi mmodzi mwa mankhwala amene alendo amamwa popewa malungo akamapita kwathu, ndipo amapitiriza kumwa masabata 4 atabwerako. Munthu akangoti "ndangochokera kumene ku Africa, ndikufuna mtunduwu usachoke", funso lanu lotsatira likhale la mapiritsi. Simuli dokotala, choncho mukakayika mutumizeni akafunse ku famase kapena kwa dokotala wake, adzabwere tsiku lina.

3. Zindikirani mtundu wa khungu

Apa ndiye pagona nkhani, makamaka kwa ife. Ambiri mwa ife sitinapsepo ndi dzuwa mpaka kusupuka. Thupi lathu silidziwa ululu umenewo, ndipo maso athu sanazolowere kusiyanitsa azungu. Tikangofika kumene, onse amaoneka oyera chimodzimodzi. Koma pakati pawo pali kusiyana kwakukulu: mphindi zimene wina sangamve kanthu, mnzake zimamutulutsa matuza.

Makampani ambiri amagwiritsa ntchito mitundu 6 ya khungu imene dokotala wa ku Harvard, Thomas Fitzpatrick, anayamba kuindandalika mu 1975. Mtundu 1 ndi khungu loyera mbuu, nthawi zambiri la munthu wa tsitsi lofiira ndi timadontho pankhope. Limapsa nthawi zonse ndipo silida. Mtundu 2 limapsa msanga, n'kuda pang'ono chabe movutikira. Mtundu 3 limapsa nthawi zina koma limada pang'onopang'ono. Mtundu 4 silipsa kawirikawiri ndipo limada msanga, monga anthu ambiri a ku Greece kapena kumwera kwa Italy. Mtundu 5 ndi khungu lodera, ndipo mtundu 6 ndi lathuli. Wa mtundu 1 salowa, ngakhale mphindi imodzi. Sapindula kanthu, amangopsa.

Musadalire maso okha. Ndinaphunzira izi miyezi yanga yoyambirira. Kunabwera mtsikana wa tsitsi lakuda bii, manja ndi nkhope zoderako bwino, ndipo anati mabediwa anawazolowera. Ndinamupatsa mphindi 9. Patapita masiku awiri anabwera atavala malaya otayirira, akuyenda ngati wasenza mtsuko wodzaza. Anandionetsa msana: wofiira psuu, ndipo anati usiku wonse sanagone chagada. Tsitsi lija linali lodaya, ndipo kudera kuja kunali kwa mankhwala opopera pakhungu, amene amangopaka mtundu pamwamba koma sateteza chilichonse. Pansi pake panali khungu la mtundu 2. Mpaka lero msana umenewo ndimauona ndikamalemba khadi la mbiri ya kasitomala watsopano.

Ndiye chitani izi. Choyamba, funsani funso limene limaulula zoona: "Chilimwe chikangoyamba, mukakhala padzuwa la masana pafupifupi ola limodzi osadzola kanthu, mawa lake khungu limakhala bwanji? Nanga pakatha sabata?" Musafunse kuti "kodi mumada msanga?" chifukwa aliyense amene akufuna mphindi zambiri adzati inde. Chachiwiri, funsani mtundu wa tsitsi lobadwa nalo, ndipo yang'anani nsidze. Chachitatu, mupempheni mwaulemu akuonetseni mkati mwa mkono kumtunda, kufupi ndi kukhwapa, komwe dzuwa silifika. Pamenepo ndi pamene pali mtundu wake weniweni, ndipo m'bedimo malo ngati amenewo ndi amene ayambe kupsa. Mayankho akamatsutsana, kapena mukakayika pakati pa 2 ndi 3, lembani 2.

Nthawi zina kumabwera wakwathu kapena wa ku West Africa, akuti anamva kuti bedili limathandiza vitamini D nyengo yozizira. Muuzeni zoona: a NHS amalangiza anthu a khungu lakuda kuganizira zomwa piritsi la vitamini D la ma microgram 10 tsiku lililonse chaka chonse, ndipo piritsilo ndi lotchipa kuposa mphindi zathu. Wina amabwera chifukwa cha matenda a pakhungu monga psoriasis. Ameneyo apite kwa dokotala. Kuchipatala kuli nyale zapadera zimene amayeza mlingo wake mosamala, zosiyana ndi zathuzi.

4. Ulendo woyamba: werengani masamu ake

Muyeso umene opanga mabedi amatsata ku Ulaya, EN 60335-2-27, umanena kuti ulendo woyamba khungu losazolowera lisalandire kuwala kopitirira 100 J/m² (ma joule 100 pa sikweya mita iliyonse). Musaope manambalawa. Watt imodzi ndi joule imodzi pa sekondi, ndiye mumangogawa. Bedi likakhala pa 0.3, gawani 100 ndi 0.3, mupeza masekondi 333, omwe ndi mphindi 5 ndi theka. Injiniya akapeza kuti bedi lanu lili pa 0.2, ndi masekondi 500, mphindi 8 ndi pang'ono. Likakhala pa 0.45, lomwe lapitirira kale muyeso, masekondi ake ndi 222, osafika ngakhale mphindi 4.

Taonani chimene masamuwa akutiuza. Masaluni ambiri kuno amagulitsa mphindi m'magulu a 3, 6, 9 ndi 12. Pa bedi la 0.3, mphindi 6 zadutsa kale malire a ulendo woyamba. Ndiye ngati taima yanu imangolola magulu amenewa, watsopano aliyense ayambire pa 3. Ngati imalola mphindi imodziimodzi, ine ndimatere: mtundu 2 mphindi 3, mtundu 3 mphindi 4, mtundu 4 kupita m'tsogolo mphindi 5. Awa ndi machitidwe anga pa bedi loyezedwa bwino. Buku la wopanga bedi lanu likanena zocheperapo, tsatirani bukulo.

Wina adzati, "Ku saluni ina ndimalowa mphindi 12." Mwina akunena zoona, koma bedi limenelo simukulidziwa, machubu ake mwina ndi otha. Kwa inu ndi watsopano, ayambire poyambira.

Musanamutsekere chitseko, achotse zodzola ndi perefyumu, avale magalasi oteteza maso, ndipo mumuonetse batani lozimitsira ndi mmene angakankhire chivindikiro. Kutsinzina sikokwanira, chikope n'chopyapyala. Taima muitchere inu pakauntala, osati iye m'chipinda.

5. Dikirani maola 48, funsani, kenako muwonjezere pang'ono

Gawo ili ndi limene malangizo ambiri amangolidumpha, koma ndi pamene anthu amapsera. Kupsa kwa UV sikuoneka nthawi yomweyo. Kufiira kumayamba patapita maola angapo ndipo kumafika pachimake pafupifupi maola 24 atadutsa. Munthu akamatuluka m'chipinda masaya ali ofiira, kawirikawiri kumakhala kutentha chabe kwa machubu, ndipo kumatha posachedwa. Akatuluka osasintha n'komwe, sizitanthauza kuti mphindi zinachepa. Tsiku limenelo inu ndi iye simukudziwa kanthu. N'chifukwa chake pakati pa ulendo woyamba ndi wachiwiri payenera kudutsa maola 48, ndipo wotuluka n'kunena kuti "sindinamve kanthu, ndiwonjezereni zina 3" simumubwezeramo.

Akabweranso, musangoti "zinayenda bwanji?" Adzati bwinobwino. Funsani mwatchutchutchu. Kodi mawa lake panali pena pofiira kapena pa pinki? Pamene mumasamba madzi otentha, panali powawa? Khungu linkayabwa kapena kumveka lothina? Tchulani malo: pachifuwa, pamimba, m'matako, kuseri kwa mawondo, m'mbali mwa nthiti. Anthu amangoyang'ana manja ndi nkhope, pomwe kupsa kumabisala pansi pa zovala.

Akati panalibe chilichonse, onjezerani mphindi imodzi, mwina ziwiri kwa wa mtundu 4. Wa mtundu 2 ndimamusiya pa mphindi zomwezo maulendo awiri kapena atatu ndisanakweze. Akati panali pa pinki koma panatha, dikirani mpaka pathe kwathunthu, ndiye abwerere m'mbuyo ndi mphindi imodzi kapena ziwiri. Akati anasupuka kapena anatuluka matuza, asalowe, ndipo muonenso ngati simunalakwitse mtundu wa khungu lake kapena ngati sanayambe mankhwala atsopano. Khungu loyera limayamba kufiira likalandira mlingo wowirikiza kawiri kapena katatu wa ulendo woyamba uja. Pa bedi la 0.3 zimenezo zingakwane ndi mphindi 11 zokha. Mukuona kuti kuchoka pa 3 kudumphira pa 12 n'kumuponya munthu pamoto.

Chovuta kwenikweni si masamu, ndi kukana. Kasitomala waima patsogolo panu, ndalama ili m'manja, Loweruka ali ndi ukwati kapena akukwera ndege kupita ku Spain, ndipo akufuna mphindi 12 lero. Inu ndinu mlendo m'dziko lino, ntchito mwangoyamba, ndipo kwathu tinaleredwa kuti mlendo sabwezedwa. Mtima umafuna kungovomera kuti phokoso lithe. Musakangane naye, ndiponso musapepese kambirimbiri. Tulutsani khadi lake, mumuonetse: "Ulendo wapita munalowa mphindi 4. Lero ndingakupatseni 5. Ndikakupatsani 12, Loweruka mukhala mukusupuka, ndipo khungu losupuka limachoka ndi mtundu womwe mukuufunawo." Mawu otsirizawa amagwira ntchito kuposa kumuopseza ndi khansa, chifukwa akukhudza chimene wabwerera. Ngati nthawi yamuthera, mulozereni mankhwala opopera aja, omwe safuna UV. Akaumirirabe, itanani abwana. Ndipo nkhani imeneyi mukambirane ndi abwana lero, kasitomala wotere asanafike, kuti mudziwe ngati adzaime nanu.

6. Dziwani polekezera

Kukweza mphindi kuli ndi denga lake, ndipo dengalo ndi nambala ya m'buku la wopanga bedi ya mtundu wa khungu umenewo, osati nambala yaikulu imene taima ingafike. Wa mtundu 2 sadzafika pamene wa mtundu 4 amafika, ngakhale abwere chaka chonse. Mtundu umene amaufuna ukakwana, asawonjezerenso mphindi, achepetse maulendo. Asalowe kawiri tsiku limodzi, ndipo asalowe tsiku limene wakhala kale padzuwa. Amene wasowa mwezi wathunthu kapena kuposa, khungu lake labwerera kale mwakale, ndiye mphindi zakenso zitsike. Werenganinso maulendo ake a chaka chonse pakhadi. Mukaona munthu akubwera pafupipafupi chonsecho wada kale, mulankhuleni, ngakhale zitanthauze kuti ndalama yake ichepa.

7. Machubu akasinthidwa, zonse zasintha

Machubu amafooka akamagwira ntchito, ndipo amasinthidwa akakwanitsa maola mazana angapo, malinga ndi mtundu wake. Makasitomala akale amakhala atazolowera machubu otopa, mphindi zawo zakwera pang'onopang'ono osazindikira chifukwa chake. Injiniya akaika atsopano, kapena akasintha pulasitiki yoonekera ija imene munthu amagonera, mphindi 10 za sabata yatha si mphindi 10 za lero. Bedi liyezedwenso tsiku lomwelo, machubu akhale okhawo ovomerezeka pa bedi limenelo, ndipo papachikidwe chikwangwani pachitseko. Ine aliyense ndimamutsitsira mphindi 2 kapena 3 pa ulendo woyamba wa machubu atsopano, n'kumufunsa mafunso a mu gawo 5 akabweranso. Uzaninso anzanu a shifiti ina, chifukwa wa Loweruka mwina sakudziwa kuti injiniya anabwera Lachinayi.

8. Kagulitsidwe kasakankhire anthu kukapsa

Gawo ili ndi la inu amene muli ndi mawu pa mitengo, kapena amene mukuganiza zotsegula saluni yanu. Mukagulitsa mphindi 60 zoti zithe m'mwezi umodzi, kapena mtengo umodzi wolowa mmene munthu angafunire mwezi wonse, mwamuuza nokha kuti athamange. Gulitsani mphindi zosatha msanga, ndipo taima ilole mphindi imodziimodzi kuti kukwera kuchoka pa 4 kufika pa 5 kutheke. Pokonza ndandanda ya tsiku, kumbukirani kuti munthu wa mphindi 4 amagwira chipinda pafupifupi kota ya ola mukaphatikiza kuvula, kuvala, kupukuta bedi ndi mankhwala ophera tizilombo, ndi kulisiya lizizire. Mukapanikiza anthu motsatizana kwambiri, chimene chimayamba kudumphidwa ndi mafunso aja.

Khadi la kasitomala aliyense, kaya la pepala kaya la pakompyuta, likhale ndi tsiku, bedi limene walowa, mphindi, zimene wanena za ulendo wapita, ndi dzina la amene wamutumikira. Mzere wa mankhwala muziufunsanso mwezi ndi mwezi, chifukwa amene analemba "palibe" mu Januwale angakhale atayamba doxycycline mu Malichi. A khonsolo kapena a inshulansi akadzabwera ndi dandaulo la munthu wopsa, choyamba chimene adzapemphe ndi khadi limenelo ndi pepala la injiniya.